Sing'anga amene anasenda mtengo wosabereka

Panali munthu wina, sing'anga wa zitsamba, amene bambo ake anamusiyira mitengo itatu kuseri kwa nyumba. Makungwa ake ankachiza chifuwa, ndipo kuthengo mtundu umenewo anthu anali atausenda n'kuutheratu. Iwiri inkabereka zipatso. Wachitatu unkangochita maluwa basi, moti iye ankaunyoza kuti chumba.

Njere zonse ankazisinja n'kusakaniza m'mankhwala. Zofesa ankati aziona chaka chamawa.

Tsiku lina kunabwera wogula makungwa pagalimoto, wokoma pakamwa, akufuna matumba odzadza. Sing'anga anadziona wochenjera.

“Ndimupatsa chumbayu. Akungodya malo.”

Mlongo wake wamkulu anamugwira mkono. “Achimwene, bambo ankati umenewo musamaukhudze. Ndipo khungwa amasenda mbali imodzi n'kumata dothi.”

“Chifukwa chake anakuuzani, achemwali?”

“Sananene.”

“Ndiye khalani chete. Inali nkhalamba, inkangoukonda mthunzi.”

Anausenda kuzungulira, kuyambira patsinde mpaka kunthambi. Galimoto inapita, ndipo mvula isanagwe mtengo unauma.

Chaka chotsatira mitengo iwiri ija inachita maluwa ochuluka, koma onse anayoyoka. Chipatso ngakhale chimodzi. Chaka chinacho, chimodzimodzi. Anathira manyowa, anathirira, anafika mpaka poganizira anansi kuti amuchita chipongwe. Kenako mlongo wake anaitana mlangizi wa zankhalango.

Mlangizi anayang'ana maluwa, n'kuloza chitsa cha mtengo wouma uja. “Apa panali chiyani, bambo?”

“Mtengo wina wake, chumba.”

“Sunali chumba. Mtundu uwu uli ndi waukazi ndi wamphongo. Njuchi zimatenga mungu kwa wamphongo n'kupititsa kwa enawa. Mwapha tate wawo. Njere zakale muli nazo?”

Sing'anga analibe ndi imodzi yomwe.

Anayenda mapiri miyezi itatu kusaka wamphongo wina, nsapato mpaka kung'ambika, koma ankangopeza zitsa. Mlongo wake sanamudzudzulepo, ndipo zimenezo n'zomwe zinkamupweteka koposa.

Mitengo iwiri ija ilipobe, koma yakalamba, ndipo umodzi wayamba mphako. Ikadzagwa, mankhwala a bambo ake adzathera pomwepo. Chaka chilichonse amatenga tsache n'kusesa maluwa ogwa, misozi ili chuchuchu.

Phunziro: Mawu a akulu amakoma akagonera. Chimene simukudziwa ntchito yake musachiwononge, yambani mwafunsa. Mlendo amanyamula makungwa n'kupita, chitsa chimatsala ndi inu. Tumizirani ena uthengawu asanagwire chikwanje.