Chifuwa cha Bambo Sande

Noria analowa m'chipinda cha uphungu atagwira bambo ake pamkono. Bambo Sande anadziponya pampando ali wefuwefu, chonsecho anangoyenda kuchokera pageti la kiliniki ya ku Maglas.

"Sisita, alankhuleni ndinu," anatero Noria. "Ine ndatopa."

Sisita Yeukai ankawadziwa bwino mdalayu, amene anagwira ntchito mumgodi zaka zambiri. Ndiye anawakhazika pansi tsiku limene anapezeka ndi TB. Anawafotokozera m'Chishona, Noria n'kumabwereza m'Chichewa kuti pasakhale chowiringula. Mapiritsi amwedwe m'mawa uliwonse. Mkodzo ukafiira, asaope. Akayamba kupeza bwino, asayerekeze kusiya, chifukwa chifuwacho chimabwerera chitakhwima. Mdala anavomera zonse.

Tsopano miyezi ya mankhwala inali itatha. Mnyamata wa nyumba yoyandikana nayo, amene anayamba nawo mankhwala limodzi, anali atanenepa n'kubwerera kokumba golide. Bambo Sande ankalephera ngakhale kuwerama kuti amange nsapato.

Noria ankalawirira kumsika kogulitsa tomato, mapiritsi n'kuwasiya patebulo. Pobwera ankapeza palibe. Koma chifuwa osatha. Anafunafuna pansi pa matiresi, m'matumba a jekete, ngakhale kuseri kwa chimbudzi. Sanapeze kanthu, ndipo zimenezo zinangomukwiyitsa kwambiri. Anawakalipira pamaso pa anthu a kutchalitchi. Ana ake anawaletsa kulowa kuchipinda kwa agogo awo.

"Amataya, sisita. Kumene amatayako sindikudziwa, koma amataya."

"Ndimamwa, mwanangu," anatero Bambo Sande chapansipansi, maso ali pasimenti.

"Baba, musaname pano! Mukufuna ndikuikeni m'manda ndi manja angawa?"

Noria anapukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. Panja, pabenchi, odwala ena ankatsokomola podikira nthawi yawo.

Sisita Yeukai anayang'ana zotsatira za kuyezedwa kwa mdalayo zimene zinali zitangobwera kuchokera kuchipatala chachikulu. Anaziyang'ana nthawi yaitali. Kenako anakokera mpando wake pafupi ndi mdalayo, monga ankachitira ndi anthu osiya mankhwala panjira. Noria anapinda manja, kudikira kuti bambo ake adzudzulidwe.

"Sekuru, mankhwala munamwa bwino lomwe. TB inatha, mulibenso," anatero namwinoyo, kuwatchula agogo m'Chishona. "Chikukubanikitsanichi ndi fumbi la mumgodi, linaumitsa mapapo anu kalekale. Limenelo tilibe mankhwala olichotsera."

Bambo Sande anadikira kuti mpweya ubwerere.

"Ndiye mawa m'mawa ndimwe chiyani, sisita?"