Mlendo wa Pampando Wakumbuyo

Galimoto ya amalume anga a Obaid inali imodzi mwa zochepa zomwe kampani inapanga: mipando yachikopa yoziziritsa msana, kafiriji pakati, makamera mbali zonse. Titapemphera swala ya usiku, tinanyamuka kukamwetsa mankhwala ngamila yawo yodwala m'chipululu cha Liwa.

Pomwe phula limathera, ndinatsika kukaphwetsako matayala kuti tisatitimire mumchenga. Nditabwerera, galimoto inayamba kulira: ti, ti, ti. Sikirini inasonyeza kuti wina wakhala kumbuyo osamanga lamba. Ndinacheuka. Panalibe munthu, koma chikopa cha mpando chinali chitalowa m'kati.

"Amalume, tiyeni tithawe!"

"Uthawira kuti iwe? Ali m'galimoto momwemu. Mlendo safunsidwa dzina. Thira khofi."

Ndinatenga fulasiki yomwe tinanyamula, n'kuthira m'kakapu n'kukaika pampandopo. Kanauma ngati wina wamwa. Ndinathiranso. Kachitatu, kakapu kanagwedezeka kokha, monga amachitira mlendo pofuna kunena kuti zakwana.

Kulira kuja kunasiya. Chikopa chinawongoka. Mtima wanga unakhala m'malo.

Amalume anaponda mafuta akuseka. "Waona? Waulemu ameneyu. Asuweni ako sagwedeza kapu mpaka fulasiki itauma."