Bokosi Lopanda Bambo

"Zotsatira zatuluka, mayi," anatero wasayansiyo akuvula nsapato pakhomo, jekete lake likununkha mbewa zowola.

Mkazi wake sanacheuke n'komwe. Ankasita yunifolomu ya mwana wamkulu, wamng'ono ali kumsana.

Mwamunayo ankafufuza za zikumbu zimene zimakwirira mbewa yakufa n'kulerera ana azo pamtembopo, chachimuna ndi chachikazi kumathandizana kudyetsa mphutsizo. Iye ntchito yake inali kuchotsa chachimuna m'bokosi losungiramo zikumbuzo ndi kachitsulo kopanira, kuti aone ngati banjalo lisokonekere. Ankagona kuntchito komweko, kulabotale, kunyumba ankangobwera kudzasintha malaya.

"Ukachotsa bambo, palibe chimene chimasintha," anafotokoza maso akuwala. "Mayi amadyetsa yekha, ana n'kunenepa chimodzimodzi. Anthu adabwa nazo zimenezi."

"Anthu ake ati?" anafunsa mkaziyo akutembenuza kolala.

"Inu simungamvetse. Umboni wotere supezeka wamba."

Pomwepo mwana wamkulu uja anatuluka kuchipinda atanyamula mbale. Anapereka moni mwaulemu kwa bambo wonunkhayo, kenako n'kupita kwa mayi ake kukanong'ona, koma mawu akumveka nyumba yonse.

"Amayi, alendowa adya konkuno, kapena ndisawaikire mbale?"