Nyanja ya Bambo Brodersen

"Iyi ndi nyanja kapena madzi ochapira?" anakalipa Bambo Brodersen, akuloza kompyuta ndi ndodo. "Nyanja ya nkhondo inali yakuda bii, mtsikana iwe."

Mtsikanayo, Wiebke, ndiye anajambula nyanjayo. Masewera ake a pakompyuta a sitima zankhondo zoyenda pansi pa madzi sakanagulitsidwa popanda asilikali akale a mumzinda wa Kiel kuwavomereza, koma nkhalambayi inkangowakana.

Wiebke anatembenukira kwa Bambo Tiedemann, omwe pa nthawi ya nkhondo anali m'sitima imodzi ndi a Brodersen. "Zoona inali yakuda, bambo?"

"Kwa iyeyu, inde," anatero a Tiedemann akupemerera khofi. "Nkhondo yonse ankasenda mbatatesi kunsi, kopanda ndi zenera lomwe. Nyanja anaiona kamodzi kokha, tsiku limene adani anatiphulitsa, akusambira m'mafuta a sitima yathu."