Wapampando wa Achinyamata

Nkhani ya mpira inafika kumapeto kwenikweni kwa msonkhano wa mpingo, anthu atayamba kale kuyasamula. Mlembi anaiwerenga ngati akulengeza maliro a munthu wosamudziwa: achinyamata akupempha kuti mpingo uzule chinangwa pabwalo, uzike mitengo ya zigoli, ugule mipira ndi yunifomu.

Leonard, wapampando wa achinyamata, anaimirira kumbuyo kwenikweni. Lamulo la mpingo wa pa Kanyenda linali lomveka: wapampando amakhala pabenchi ya achinyamata, ndipo satsikapo mpaka achinyamatawo asankhe wina. Bondo lake linalira. Analivulaza pabwalo lomwelo likadali bwalo, lisanasanduke munda wa abusa, masiku amene fumbi la mpira linkaoneka munthu ali kumsewu.

Anawayang'ana mmodzimmodzi. Anthu awa! Chaka chatha anagulira abusa mpando wawofuwofu, zokuzira mawu zofuna kugonthetsa anthu a ku Dwangwa, ndi makatani ofiirira otchinga khoma lopanda zenera. Palibe anafunsa vesi. Lero mpira wokha ndiwo unkafunika vesi.

"Iwe Leonard," anatero a Alufandika, mkulu wa mpingo amene anamuphunzitsa Sande sukulu ndipo sanasiyebe kumuona ngati wa Sande sukulu. "Tanditsegulira pamene Paulo anamenya mpira. Chopereka cha Mulungu tigulire timasiketi tolekeza apa?"

Analoza pantchafu. Amayi anagwira pakamwa, koma maso akuseka.

"Bambo, ana akutha," anayankha Leonard. "Kwa Faruku safunsa kuti umapemphera kuti."

Faruku anali wogulitsa usipa, munthu wa kumzikiti. Sanachite msonkhano, sanasankhe komiti. Anangogula mipira iwiri, nalambula malo kuseri kwa sitolo yake. Ngakhale tsopano wenzulo yake inkalowa pazenera, yakuthwa kuposa zokuzira mawu zija. Anyamata anapita kaye, atsikana natsatira. Womaliza anali Rahila, woyambitsa nyimbo mukwaya, amene Lamulungu lililonse ankabwera kutchalitchi atagwirana dzanja ndi Leonard. Tsopano Leonard ankabwera yekha. M'mawa womwewo mtsikanayo anali atamuuza osamuyang'ana kumaso: "Akagula mpira wa ntchemberembaye ndibwerera. Akakana musadzandifunsenso."

"Tisazungulire," anatero mayi wina, akudzikupiza ndi buku la nyimbo. "Nkhani apa si mpira. Nkhani ndi Rahila. Munthuyu chakudya sichikutsika."

Tchalitchi chonse chinaphulika ndi phwete. Leonard sanakane. Akanakana bwanji zoona?

"Mtima pansi, mnyamata wanga," a Alufandika anatero, akupukuta misozi ya chiseko. "Ukadzakula udzasiyira mnzako mpandowo, udzabwera kuno kutsogolo. Pamenepo udzamvetsa kuti chinangwa chimadyedwa, mpira sudyedwa."

Abusa, amene chinangwacho chinkathera kunyumba kwawo, anagwedeza mutu mwauzimu nati nkhaniyi ithe ndi manja. Ofuna chinangwa: manja anadzuka ngati bango, ena a anthu amene anali m'tulo. Ofuna mpira: abusa anasuzumira kubenchi ya kumbuyo, naona dzanja limodzi.

"Achinyamata amveka," anatero. "Tiyeni tiwapempherere."

Anawapempherera ndithu, pemphero lalitali lamafuta, loti Ambuye awatchinjirize ku zokoma za dziko lapansi, poti iwowo ndiwo mpingo wa mawa. Leonard sanatsinzine. Ankayang'ana mitu yowerama ija, nadzifunsa kuti mawa ameneyo adzatsegule chitseko ndani.

Anatuluka womaliza, akukoka mwendo. Rahila anali ataima pansi pa mtengo wa mango, thukuta lili kamukamu, atavala yunifomu yobiriwira ya timu ya Faruku. Anamuyang'ana kumaso kamodzi kokha. Kenaka anangopita kukatola ndodo imene Leonard ankaibisa kuseri kwa chitseko polowa m'tchalitchi.

"Agogo, ndodo yanu iyi. Tiyeni ndikakusiyeni, ndibwerere kumpira."

Wapampando wa achinyamata anavala chipewa pa imvi zake. Mumpingo monsemo munalibenso wamng'ono kuposa iye woti amusiyire mpando.