Makina a Bambo Opera Chitowe

"Pita, mwanawe," anatero a Zakaria, oyandikana nafe nyumba, tsiku lomwe ndinkachoka kwathu ku Saida. "Makina a malemu bambo ako sadzatuluka m'bwalo lino ine ndili moyo."

Zaka zonsezi kunjako, fungo la chitowe linkandipeza kutulo. Lero ndaima m'bwalomo, imvi mbuu. Fumbi likuyandama padzuwa ngati laiwala kutera, ndipo pansi pa mtengo wa mandimu makinawo akugona m'chinsalu chawo.

"Lamulo likuti makina a bizinesi achoke pakhomo ngati mnansi wadandaula," akutero wakhonsolo amene wabwera kudzaona makinawo. "Haji Zakaria, makinawa akukusowetsani mtendere?"

A Zakaria akuyang'ana zipinda za alendo zimene amanga kumene.

"Koma wakalamba, Nadim," akundiseka.

"Haji, yankhani."

"Achotseni."