Mphini za Amayi

"Awa si amayi anga," anatero a Magret atapinda manja.

Malumbo anayang'ananso pa kompyuta ya mu situdiyo yake ya pa Migowi. Filimu ya chithunzi imene anamubweretsera inali yakale, ya pa ukwati wa a Magret. Amayi awo anaima pakhomo la tchalitchi, mumthunzi wa bii, ndipo chithunzi china cha malemuwo kunalibe.

Malumbo anali ataiika filimuyo pa sikana, makina olowetsa zithunzi mu kompyuta, mobwerezabwereza, akuwonjezera kuwala, mpaka nkhope inatuluka mumdimawo. Kenako pulogalamu imene anaikonza yekha inasesa timadontho tonse. Nkhope inasalala ngati ya mtsikana wa pa kalendala.

"Mayi, ine ndangochotsa zinyalala basi."

"Zinyalala? Mwana wa m'tauni iwe! Mphini zapita kuti? Amayi anali nazo m'masaya monsemu. Abambo ankati anakopeka ndi zimenezo."

Malumbo anagwira pakamwa. Pulogalamu yake yodzitamandira ija sinkasiyanitsa fumbi ndi mphini za Alomwe.

Anayamba kuchepetsa kusesako pang'onopang'ono. Timadontho tinabwerera ngati mchenga, kenako timizere takuda tinaonekera pa tsaya lililonse.

A Magret anasendeza mpando, mphuno yawo pafupi kugunda galasi la kompyuta.

"Eya, afika!" anaseka akupukuta maso ndi nsonga ya chitenje. "Chotsapo manja ako pamenepo, usakhudzenso."

"Nanga mchengawu, mayi?"

"Usiye, sindikiza choncho. Tsiku limenelo kunalidi mphepo."